Tsiku Limene Ketulo Anakwera Tsikani

Inu amene mwagwa mphwayi chifukwa chinthu chimene munaikapo mtima wonse chakuchititsani manyazi pagulu, tasenderani kuno. Mwina mukuti palibe amene anasekedwapo ngati inu. Ayi ndithu, ndiye kuti simunamve za Levi wa kwa Mlonyeni ku Mchinji.

Levi analowa m'mudzi dzuwa likuswa mtengo, galimoto yake ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Iye anali pa chiwongolero, mutu uli pansi. Ana ankathamanga m'mbali akukuwa, "Ketulo! Ketulo wawira!" Amayi amene anali pa mjigo anasiya kupopa madzi, manja m'chiuno, kufa nalo phwete.

Dzinalo linabadwa m'mawa womwewo. Mukudziwa galimoto zonga minibasi zija, injini yake imakhala pansi pa mpando wa kutsogolo. Tsiku limenelo pampandopo panakhala mayi Felista, mtsogoleri wa kalabu ya alimi a mtedza, munthu wa thupi lake ndi ulemu wake. Kumbuyo kunali matumba a mtedza wa kalabu yonse, ulendo wa ku boma. Atafika pakati pa chitunda chotulukira m'dambo, pansi pa mpando panamveka kuti fwiii, nthunzi n'kuyamba kutulukira m'miyendo.

"Mayo ine, ndapsa!" anakuwa mayi Felista akudumphira panja ngati kamtsikana. "Bambo a Stelia, mwatikweza galimoto kapena mwatiika mu ketulo?"

Basi, dzina n'kumata. Mtedza anautsitsa n'kuupititsa pa ngolo, galimoto n'kubwerera kunyumba ndi ng'ombe.

Kuti mumvetse chifukwa chake zinamuwawa chotere, muyenera kudziwa kumene anachokera. Levi anali mwana wa matenanti. Makolo ake anachoka ku Phalombe pa lole kudzalima fodya pa esiteti ina cha kwa Mavwere, ndipo onse awiri anagona komweko. Sukulu anailekera panjira, poti mwana wa tenanti nthawi yosoka fodya ikakwana makope amakhala pansi. Atasinkhuka anamupatsa ntchito yosonkha moto pa balani, nyumba zazitali zija zowotcheramo fodya. Anakhala zaka zambiri akununkha utsi. Ntchitoyo ankaida ndi mtima wake wonse, ndipo tsiku limene ankachokako analumbira kuti sadzaitchulanso pakamwa pake.

Chaka china zinthu zitamuyendera, anagula galimoto yakale ija n'kukakhala kwawo kwa mkazi wake Lettie monga mkamwini. Mwana wawo Stelia anayamba sukulu ku mishoni ku Guilleme. M'banja lonse la Levi, Stelia ndiye anali woyamba kuvala yunifolomu chaka chonse popanda womuitana kuti akasoke fodya. Levi akamuona m'mawa akupita, mtima wake unkakhala m'malo.

Koma galimotoyo inali yofooka, abale inu. Pamalo athyathyathya inkayenda bwinobwino, koma ikanyamula matumba n'kufika pa chitunda cha padambo chija, inkangolira osasuntha. Levi ankatembenuka n'kunena mwaulemu, "Tsikani pang'ono tikankhe." Anawanena mawu amenewa kambirimbiri mpaka anthu anangochitcha chitundacho kuti Tsikani. Ngakhale anthu a njinga za kabaza ankamupitirira pamenepo akumuimbira belu.

Ndiye Levi anati ayi, injini iyi ndiipatsa mphamvu. Anapita cha kumalire kumene kumagona magalimoto akuluakulu opita ku Zambia, napeza tebo yakale, chitsulo chopindika ngati nkhono chimene chimakankhira mpweya wambiri mu injini. Anaimangirira. Anatsegulanso pampu kuti dizilo azilowa wochuluka. Anzake a pa siteji atamva, anabwera ndi nzeru zawo.

"Mwachita bwino, achimwene. Koma chotsaninso temositati. Kachitsulo kameneko n'ka kumaiko a chisanu. Kuno kwathu kotentha kamangotsekereza madzi. Tonse tinachotsa."

Levi anamasula kachitsulo kamkuwa kokhala ndi sipuling'i kaja n'kukaponyera kuseri kwa nyumba. Masiku oyamba, eee! Galimoto yopanda katundu inkauluka, fumbi lokhalokha. Levi ankayenda chigongono chili pa windo. Kenako linafika tsiku la mtedza lija.

Manyazi okha akanapirira. Koma pasanapite nthawi kunabwera a Laston, kapitawo wa ku esiteti, akuyenda m'midzi kufuna matenanti a chaka chatsopano. Anaima pakhomo pa Levi, nayang'ana galimoto ili pansi pa mango, nkhuku itaikira kale mazira pa mpando wa dalaivala.

"Malo anu akadalipo, a Levi," anatero. "Lole ibwera nthawi ya nazale. Tidzaima pamphambano, pamwamba pa Tsikani."

Madzulo ake Lettie anakhala pafupi ndi mwamuna wake. Sanakalipe, poti sanali mkazi wolongolola.

"Bambo a Stelia, ine sindikukunyozani. Koma mwana sadya chitsulo. Galimotoyi ikapanda kuyenda pofika tsiku la lole, tidzakwera loleyo."

Levi anayang'ana yunifolomu ya Stelia ili pa chingwe. Ankadziwa bwino kuti akakwera lole, yunifolomuyo idzasanduka chovala cha kumunda. Mantha anamugwira, mantha enieni, oposa a tsiku la ng'ombe lija.

Sanakhale pansi. Anatsegula injini, nasintha gasiketi, chotsekera cha pamutu pa injini chimene chinapsa, nayesa ndi matumba a mchenga. Inawira. Anatsuka rediyeta, nanyamula zigubu za madzi kuti azithira panjira. Inawiranso. Wina anamuuza kuti athire ufa mu rediyeta, wina anati sopo, wina anati mwina pali munthu wamutchera. Apongozi ake anangoti, "Mkamwini, bwanji osaigulitsa kwa ogula zitsulo? Kapena tiisiye nkhuku zizigonamo, zayamba kale kuikonda."

Levi anaseka nawo, koma m'mawa mwake anapalasa njinga kupita kwa a Fanuel, makaniko wachikulire amene ali ndi galaja m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Munthu ameneyu anakhala zaka zambiri ku Chipata, ndiye Chichewa chake chimasakanikirana ndi cha kutsidya. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta manja ndi kansanza.

"Tebo munaika. Pampu munatsegula. Manje temositati ili kuti?"

"Ndinachotsa, madala. Zija n'za kumaiko a chisanu."

A Fanuel anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anamuyang'ana Levi m'manja, manja a zipsera za moto.

"Musanagule galimoto munkagwira nchito yanji, ba Levi?"

Levi anayang'ana kumbali. Mawu aja analumbira kuti sadzawatchula anatuluka movutikira. "Ndinali pa balani."

"Chabwino. Manje fodya akachedwa kupsa munkatani? Munkangokoleza chimoto n'kuzula zitseko zonse?"

"Aaa, ayi!" Levi anadzidzimuka ngati amutukwana. "Mungaphe fodya yense. Moto mumayamba pang'ono, timazenera tili titseke. Tsamba likachita chikasu mumatsegula pang'ono kuti chinyontho chituluke. Mukawonjezera nkhuni, mumawonjezeranso potulukira. Moto wopanda woyang'anira zitseko ndi..."

Anaima pakati pa mawu, kukamwa kuli yasa.

"Malizani," anatero a Fanuel. "Kachitsulo munatayako ndiye woyang'anira zitseko. Injini ikazizira kamatseka. Ikatentha kamatsegula njira yopita ku rediyeta, n'kutseka njira yachidule imene ili m'katimo. Inu munachotsa mlonda. Madzi nawo ndi aulesi ngati ife tomwe, amangozungulira pachidule osapita kukazizira. Pamwamba pake mwawonjezera moto ndi tebo yanuyo. Walira mvula walira matope, ba Levi. Walira mphamvu walira moto."

Levi anayang'ana zikhatho zake. Nzeru imene ankaifunafuna m'magalaja ndi pa siteji inali m'manja mwake kuyambira ali mnyamata, m'ntchito yomwe ija ankachita nayo manyazi.

Vuto linali lakuti temositati ya injini yakale ngati imeneyo sinkapezeka pafupi. "Kafunefuneni yomwe munataya," anatero a Fanuel. "Mukaipeza, muiwiritse m'madzi. Ikatsegula kukamwa, ili moyo."

Levi anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, nayamba kufukula kuseri kwa nyumba. Anasanthula padzala, anagwada m'maudzu, osaipeza. Lettie anatuluka ndi lichero m'manja.

"Mukufuna chiyani ngati nkhuku yotaya anapiye?"

"Kachitsulo kamkuwa, kokhala ndi sipuling'i. Ndinakaponya pano."

"Kameneko? Si kali pakhosi pa mbuzi! Ndinakamangirira pamodzi ndi chivindikiro cha chitini kuti kazilira, tiziimva ikamalowa m'dimba la eni."

Abale, mudzi unaonanso zina tsiku limenelo. Bambo wamkulu, ndevu zili pepeya, kuthamangitsa mbuzi kuzungulira nkhokwe, kudumpha mizere, kugwa, kudzuka, mbuzi ili ngwee ngwee patsogolo. Amayi a pa mjigo anati basi, mkamwini uja mutu wazungulira. Koma ulendo uno Levi naye ankaseka. Anaigwira mwendo pafupi ndi khola la apongozi, namasula kachitsulo kaja, kali ndi ubweya ndi fungo lake.

Lettie anatereka ketulo yake ya tiyi pamoto. Levi anamanga temositati ndi kawaya n'kuimiza m'madzimo. Awiriwo ananjuta, mitu pamodzi, akusuzumira. Madzi anatentha, kachitsulo kali duu. Anayamba kuimba, kachitsulo kali duu. Levi anausa moyo nagwira waya kuti akatulutse.

"Kanafa aka."

Lettie anamugwira dzanja. "Inu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Takhalani."

Madzi atatsala pang'ono kubwadamuka, sipuling'i inasuntha. Pang'onopang'ono kachitsulo kanayasamula. Levi anakatulutsa, kanazizira, kanatseka. Anakabwezeramo, kanatsegulanso. Anakuwa mpaka mbuzi ija inathawanso.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Galimoto inayenera kupita kwa a Fanuel, ndipo inapita ndi ng'ombe zomwe zija. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano Levi anadzutsa mutu, ana akamakuwa kuti "Ketulo!" iye n'kumawaimbira hutala. Anakhala pagalajapo masabata angapo, akutsuka zitsulo ndi kumasula matayala a malole kuti athokoze a Fanuel ndi manja ake. Pakati pa ntchitoyo ankakonza yake. Anabwezera temositati. Anachotsa rediyeta yaing'ono naika yokulirapo yochokera ku kalole kena kakufa, mpaka anachita kudula ndi kuwotcherera zitsulo kuti ikwane. Anasintha mapaipi ofwifwa. Madzi amatope a m'dambo anawasiya, nathira oyera osakaniza ndi mankhwala obiriwira aja oletsa dzimbiri.

Chimene chinamuwawa ndi tsiku limene a Fanuel anatenga sipanala n'kubweza pampu m'mbuyo pang'ono.

"Madala, mukundilanda mphamvu!"

"Mphamvu imene simungathe kuiziziritsa si yanu," anayankha a Fanuel osatembenuka n'komwe. "Yatsalayi ndiyo yanu. Ikukwanani."

Tsiku la lole linafika galimoto itangobwerera kumene m'mudzi. Inali isanayesedwe ndi katundu weniweni pa Tsikani. Lettie anali atamanga kale katundu wa banja m'chitenje, mapoto, mabulangete, ketulo ili pamwamba. Anauika m'galimoto momwemo.

"Ikawira panjira, tisenza mtolowu mpaka pamwamba, tikwere lole," anatero. "Ikakwera, tikamutula Stelia ku sukulu."

Stelia anali atavala yunifolomu, osadziwa ngati akuivala komaliza. Mayi Felista anavomera kuti mtedza wotsala wa kalabu upitenso ndi Levi, poti ndi munthu wa mtima wabwino ngakhale pakamwa pake pali pakuthwa. Koma atawatsegulira chitseko cha kutsogolo anabwerera m'mbuyo.

"Pamenepo ayi, bambo a Stelia. Zipsera zakale sizinapole. Ndikhala pa matumba."

"Ndikhala ndine," anatero Lettie. Anakwera, nakhala pamwamba penipeni pa injini, manja pamiyendo.

Anatsetsereka kulowa m'dambo. Kutsogolo Tsikani anali ataima monga mwa masiku onse, ndipo pamwamba pake pankaoneka lole ya ku esiteti, anthu atadzaza kale ndi mitolo yawo, a Laston ataima pambali. Galimoto itangoyamba kukwera, amayi a kalabu amene anakwera nawo kumbuyo anayamba kumanga zitenje ndi kufunafuna masilipasi. Chinali chizolowezi, ankadziwa mawu amene amabwera pamalo amenewa.

Levi anawaona pa kalilole. "Khalani, amayi," anatero. "Lero palibe wotsika."

Phazi lake linkayabwa kuti aponde mafuta mpaka pansi, aonetse anthu a pa lole aja. Koma anakumbuka balani. Moto mumayamba pang'ono. Anatsitsa giya, naponda mofatsa, tebo n'kuyamba kuimba kamluzu kake. Kamuvi kosonyeza kutentha kanayamba kukwera. Kanafika pakati. Kanapitirira pang'ono. Levi anapitiriza kuponda mofatsa. Anafika pamalo paja mayi Felista anadumphira, ndipo kumbuyo kunamveka mawu awo akuyamba pemphero.

Kenako kamuvi kanaima. Kanagwedera, n'kubwerera pakati. Mlonda uja anali atatsegula chitseko.

Galimoto inakwera osathamanga, osatsokomola, matumba onse ali momwemo, anthu onse ali momwemo. Itatulukira pamwamba, amayi anaimba nthungululu mpaka anthu a pa lole anaimirira kuti aone. Levi anaimika galimoto pambali pa lole. Anayang'ana mkazi wake osatha kufunsa.

Lettie anasisita mpando ndi chikhatho. "Sukutentha," anatero. Misozi inali ikutsika, koma ankamwetulira.

A Laston anasendera pa windo. "Nanga a Levi, titsitse katundu?"

"Pepani akapitawo, malo athuwo mupatse ena. Ife tachedwa, mwana akupita ku sukulu."

A Laston anagwedeza mutu naseka. "Yendani bwino. Komatu musaiwale, moto munkauyang'anira bwino inu."

"Ndikuuyang'anirabe," anatero Levi.

Mayi Felista anagogoda kumbuyo. "Bambo a Stelia, pobwerera ndikhala kutsogolo. Matumbawa andipweteka msana."

Lero mukafika cha kwa Mlonyeni mudzaiona galimotoyo. Levi analemba yekha ndi penti pa galasi lakumbuyo, zilembo zikuluzikulu: KETULO. Imanyamula mtedza, chimanga, makwaya a ku tchalitchi, nthawi zina ndi akwati omwe. Si yothamanga kuposa zonse, ndipo iye sapikisana ndi munthu. Anzake a pa siteji aja, amene ankati tonse tinachotsa, amabwera mmodzimmodzi pansi pa mango injini zawo zikawira, iye n'kuwafunsa funso lomwe lija la a Fanuel, kenako n'kuwafotokozera za balani mosachita manyazi. Stelia ali ku sekondale tsopano. Mbuzi anaigulira belu lenileni. Mtolo uja Lettie anaumasula tsiku lomwelo, ndipo ketulo imene inayesa temositati ndi yomwe amaphikira tiyi m'mawa uliwonse. Chitunda chija anthu akuchitchabe Tsikani, ngakhale palibe amene amatsikapo.

Tsono inu amene mwawira pakati pa chitunda anthu akuona, mverani. Kusekedwa sikupha. Musathamangire kugulitsa maloto anu kwa ogula zitsulo, ndipo musamvere aliyense wongoti tonse timatero. Funsani odziwa. Bwererani kuseri kwa nyumba mukafunefune chimene munataya muli pa liwiro, kaya ndi luso limene munkachita nalo manyazi, kaya ndi kudekha kumene munkakuyesa ulesi. Mwina chili pafupi, chikulira pakhosi pa mbuzi. Chitoleni, chipukuteni, yambaninso ndi moto wapang'ono.

Osataya mtima, abale anga. Ketulo anakwera Tsikani, inunso chanu chitunda mukwera.